Sipoko ndi Lamulo la Mabuleki

Mdzukulu wanga anzake amamutchula kuti Sipoko. Dzinali analipeza ali mwana chifukwa anali woonda ndi wamtali ngati sipoko ya njinga, ndipo ngakhale lero ali ndi ndevu ndi mkazi wake, palibe amene amamuitana mwina. Ine ndimati amuna anga, poti anakulira m'manja mwanga. Mayi ake, mwana wanga wachisamba, anatisiya iye asanayambe sukulu. Bambo ake sindiwatchula muno, sanachite kanthu koti munthu n'kuwatchulira.

Ndinamulera ndi makina osokera. Malo anga anali pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo tsidya la msewu, pansi pa mtengo, panali mkulu wina wokonza njinga. Mwanayu akaweruka kusukulu sankakhala pafupi ndi ine. Ndinkangomuona ali kutsidyako, wagwada pa beseni la madzi loviikamo chubu, akuyang'ana tithovu ngati akuwerenga buku. Malaya onse amene ndinamusokera anathera m'girisi. Ndinkakalipa, iye n'kumangoseka, mawa lake n'kubwereranso komweko.

Atakula anaphunzira ukalipentala, ndipo analembedwa ntchito pashopu yaikulu ya mipando, pa makina ochekera matabwa. Ntchitoyo ankaigwira mokhulupirika, koma mtima wake unali pa njinga. Yake anaimanga yekha pang'onopang'ono: felemu anaipeza kwina, mawilo kwina, chishalo anapatsidwa ndi mnzake. Itatha analowa kalabu ya opikisana pa njinga. Musaganize za anthu otchuka ayi. Anali aphunzitsi, madalaivala, makalaliki, ndi wagolosale wina wonenepa amene nthawi zonse ankatsekera kumbuyo. Ankapikisana Lamlungu, ndipo wopambana ankalandira chikho choti chaka chamawa adzabweze. Lolemba aliyense ankalawirira kuntchito miyendo ili gwaa.

Sindinama kuti mdzukulu wanga ankapambana kawirikawiri. Pamalo athyathyathya anzake a ntchafu zikuluzikulu ankamusiya. Koma pachitunda ndiye panali pake. Ena akayamba kupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, iye ankangoimirira pa mapedulo, mutu utapendekera kumanzere, n'kumapita ngati akuitanidwa kumwambako.

Ndiye kunabwera tsiku la makina aja. Thabwa linali ndi mfundo yolimba, linadumpha, dzanja lamanzere n'kutsatira. Kuchipatala anayesetsa, koma kunangotsala chala chachikulu ndi kachala kakang'ono. Bwana wake anamusamutsira kosalaza ndi kupaka vanishi. Anthu akabwera kudzamuzonda, iye ndiye ankayamba nthabwala: amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ine ndili nazo ziwiri, nsabwe zichenjere. Alendo ankaseka n'kumapita mitima ili m'malo. Koma mkazi wake, amene ine ndimamutcha mkazi mnzanga, anandiuza kuti alendo akangotuluka bamboyo amakhala duu, maso ali pakhoma pamene anakoloweka njinga.

Njingayo inakhala pakhomapo mpaka fumbi linaikuta. Tsiku lina ndinapita kukawaona ndipo ndinapeza yatsitsidwa, ili chagada pabwalo, iye ali ndi tupa m'manja akupala kachitsulo. Handulo ankatha kuigwira ndi zala ziwiri zija, anandifotokozera, koma kufinya buleki sakanatha. Njinga ili ndi mabuleki awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo iliyonse ili ndi chofinyira chake pa handulo, china kumanja china kumanzere. Ndiye iye anaboola kachitsulo kaja mabowo awiri kuti mawaya a mabuleki onse akumane pamenepo n'kulowa pa chofinyira chimodzi chakumanja. Anakakonza mwakuti ukafinya, yakumbuyo iyambe kugwira, yakutsogolo n'kutsatira. Chofinyira chakumanzere anachichotseratu. Anayeserera masabata ambiri, m'mawa asanapite kuntchito, mpaka anayamba kutsika zitsetse zonse za kwathu ngati kale.

Sankafuna zambiri mwana ameneyu. Za chikho sankazitchula n'komwe. Ankangofuna kuima pamzere ndi anzake nambala ili kumsana, n'kukafika kumathero dzina lake n'kuwerengedwa pamodzi ndi omaliza mpikisano. Anandiuza kuti zikatero adzadziwa kuti makina aja anangotenga zala basi.

Mpikisano waukulu wa chaka unali ndi dongosolo lake. Loweruka masana aliyense ankabweretsa njinga kuti akuluakulu aiyendere. Ankachitira pabwalo loimika magalimoto kuseri kwa holo, pansi pa tenti, pali tebulo ndi mipando yapulasitiki. Ine ndinapita nawo, nditavala bwino, poti linali tsiku loti mdzukulu wanga abwerere pakati pa anzake. Anamulandiradi. Mnzake wa ponda apa n'pondepo, dalaivala wa basi amene amamutcha Giya, anamunyamula m'mwamba n'kumati nyama inathawira kuti pathupi pako iwe, ukadali sipoko yomwe ija.

Woyendera njinga anali bambo wachikulire, wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe. Anyamatawo ankawatcha a Ndime, chifukwa sankayankha funso osatchula ndime ya m'malamulo. Nawonso pa unyamata wawo ankapikisana. Anaigwira njingayo, anazunguza wilo lakutsogolo n'kufinya, linaima. Anazunguza lakumbuyo n'kufinyanso pomwepo, linaima. Anawerama n'kukayang'anitsitsa kachitsulo kaja nthawi yaitali. Kenako anaweramuka n'kunena kuti ntchitoyo ndi yaluso, sanaionepo kwina, koma njingayo singalowe mumpikisano. Lamulo limati mabuleki awiri, iliyonse ndi chofinyira chake.

Sipoko sanakweze mawu. Anangotukula dzanja lija n'kuwaonetsa. A Ndime anati aliona, ndipo anamva chisoni atamva za ngoziyo, koma ndimeyo sinena za dzanja. Giya ndi anzake anaunjikana n'kumati iwo ndiwo adzakhale naye pamsewu ndipo alibe nazo vuto, amulole. A Ndime anapukusa mutu. Anati lamulo silisinthidwa pansi pa tenti, limasinthidwa kumsonkhano wa pachaka.

Ine ndinali nditakhala pampando, koma ndinangopezeka ndaima patebulopo.

“Bambo, chofinyira chachiwiricho afinya ndi chiyani? Ndi mano?”

Anyamata anaseka, koma a Ndime sanaseke ndipo sanakwiye. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

“Mayi, chimodzichi chikathyoka ali pachitsetse, mabuleki onse awiri apita nthawi imodzi. Pa kona ya kumunsi ija ine ndinatolapo mwana wa mwini ndi manja angawa. Amene anakauza mayi ake ndine.”

Ndinawayankha kuti ine ndine amene ndinakauza mwana uyu kuti mayi ake amwalira, choncho asandiphunzitse za maliro. Ndinawauza kuti akuteteza njinga kusiya munthu. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kulembedwa, mpaka Sipoko anandigwira pamkono n'kunditulutsa m'tentimo. Tikuchoka a Ndime anamuuza kuti akabwera m'mawa ndi zofinyira ziwiri zogwira ntchito, nambala adzampatsa.

Kunyumba Giya anabwera ndi nzeru imene ine ndinaivomera nthawi yomweyo, ndipo mpaka lero ndimati inali nzeru yabwino. Anati aike chofinyira chachiwiri kuti a Ndime akhutire, ndiye mpikisano ukayamba akaime pakathengo koyamba, Giyayo amuthandize kubwezera mawaya pa kachitsulo kaja. Ntchito ya kanthawi kochepa, palibe angaone. Ndinati amuna anga, mverani mnzanuyu, njoka saipondera dala pamene pali njira yolambalala.

Sipoko anakana. Anati akamugwira sadzanena kuti Sipoko wabera, adzati opanda zala amabera, ndipo wina wa dzanja ngati lake akadzabwera m'tsogolo adzamubweza pachipata pomwe. Giya anamutcha wouma mutu, ine ndinamutcha zoposa pamenepo. Iye anangotenga sipanala, anamasula kachitsulo kake n'kukaika m'chitini cha mabawuti, n'kubwezera chofinyira chakumanzere. Buleki yakumbuyo anaisiya kudzanja labwino. Yakutsogolo, imene imaimitsadi njinga pachitsetse, inapita kudzanja losatha kufinya.

Mkazi mnzanga nthawi yonseyi anali akusita malaya a mpikisano. Ndi mtsikana wosalankhulalankhula, ndipo poyamba ndinkamuyesa wozizira. Anaimika simbi n'kunena kuti iye samuletsa kupita, koma chitsetse chachikulu chija atsike pansi, ayende. Anati zala anazilira kale, sakufuna kulira zotsalazo. Sipoko anamuyang'ana nthawi yaitali n'kuvomera. Giya anati ukayenda pamenepo tsache likupeza. Tsache ndi galimoto imene imatsatira kumbuyo kwa opikisana onse. Ikakupeza ndiye kuti watuluka, chifukwa kumbuyo kwake apolisi amatsegula msewu kuti magalimoto ayambe kuyenda. Sipoko anati ndiye adzayenera kufika pamwamba pa chitunda anzake onse akadali kutali.

M'mawa a Ndime anafinya kumanja ndi dzanja lawo la zala zisanu, wilo linaima. Anafinya kumanzere ndi linzake la zala zisanu, linaimanso. Anayang'ana dzanja la mdzukulu wanga. Kenako anapereka nambala. Dzulo lake njingayo inali ndi mabuleki awiri ogwira ndipo anaikana. Tsopano mwini wake akanatha kugwiritsa imodzi yokha, ndipo anailola. Giya anamubaya nambalayo kumsana ndi mapini, n'kumuuza kuti asagwedezeke, angamubaye fupa poti nyama palibe.

Ine ndi mkazi mnzanga sitinadikire kumathero monga achitira achibale ena. Tinapempha malo m'galimoto ya onyamula madzi ndipo inatitsitsa kumunsi kwa chitsetse, pafupi ndi kona imene a Ndime ananena. Msewu pamenepo umatsika mokhotakhota, mbali ina kuli khoma la miyala, mbali ina chitsulo chotchinga ndi phompho. Ukaima kumunsi umaona mpaka pamwamba. Panali wapolisi mmodzi, ndi anthu ochepa okhala pamiyala. Dzuwa linali litakwera, phula likununkha.

Tinadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako njinga yamoto yotsogolera inatulukira pamwamba, ndipo kumbuyo kwake kunali munthu mmodzi yekha. Maso anga ndi okalamba, koma mutu wopendekera kumanzere uja ndikanauzindikira ngakhale pakati pa chikwi. Anali yekhayekha. Kumbuyo kwake kunalibe aliyense. Anthu a pamiyala aja anaimirira n'kuyamba kukuwa, ndipo ine ndinawauza onse, ngakhale wapolisi, kuti ameneyo ndi mdzukulu wanga, ndinamulera ndine.

Ndiye anaima. Anatsika. Anthu anasiya kukuwa n'kumafunsana ngati tayala laphulika. Nsapato za opikisana zimakhala ndi tizitsulo kunsi, paphula zimaterera, choncho anazivula n'kuzikoloweka pa handulo. Anayamba kutsika ndi masokosi, akuthamanga pang'ono, njinga ili pambali. Mkazi mnzanga anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka mphete yake inandilowa.

Anali atatsika ndithu pamene gulu loyamba linatulukira. Anamudutsa ngati mphepo, ena akumuitana kuti akwere. Giya anagwira mabuleki n'kuyenda pambali pake pang'ono, tinawaona akulankhulana, kenako Sipoko anamukankha pamsana kuti azipita. Linadutsa gulu lachiwiri. Anadutsa oyenda okhaokha, otopa, pakamwa pali yasa. Anadutsa wagolosale wonenepa uja, ndipo pofika pa ife anali akuyang'anabe kumbuyo. Chitsetsecho pa njinga ndi chachifupi, koma wapansi ndi ulendo.

Tsache linatulukira pamwamba iye atatsala ndi makona awiri. Ena amanena kuti galimotoyo inachedwa dala kumtunda, kuti a Ndime, amene anali momwemo, anauza dalaivala aime kaye ayang'ane tayala limene linalibe vuto. Ine zimenezo sindinazione. Chimene ndinaona ndi galimoto ikutsika, kumbuyo kwake mzere wa malole ndi mabasi akuliza mahutala, ndi mdzukulu wanga akuthamanga tsopano ndi mphamvu zonse, masokosi atang'ambika. Tinkamuitana, ine mawu mpaka anasasa. Inamupeza pa kona yomaliza, pamalo oti ndikanaponya mwala ukanamufika. Akanangodutsa pamenepo akanakwera n'kupalasa.

A Ndime anatsika. Sipoko anaima, chifuwa chikukwera ndi kutsika, ndipo paphula pamene anaponda panatsala timadontho tofiira.

“Mwana wanga, tembenuka,” anatero a Ndime.

Anatembenuka. Bamboyo anayamba kumasula mapini, limodzilimodzi, ndipo pini lina linawavuta. Ine ndinali nditafika. Ndinawafunsa ngati lamulo lawo lakhuta tsopano, kapena likufunanso mapazi. Iwo anamasula pini lomaliza. Sipoko ndiye anati, “Agogo, asiyeni.”

A Ndime anamuuza kuti m'galimoto muli malo, njinga aikweza pamwamba. Iye anafunsa ngati pali ndime yoletsa munthu wopanda nambala kupalasa njinga pamsewu. A Ndime anati palibe, msewu tsopano ndi wa aliyense. Mkazi mnzanga anagwada n'kumupukuta mapazi ndi mpango wake, anamuveka nsapato n'kumumangira zingwe. Sipoko anakwera n'kupita, malole akumudutsa ndi utsi wawo. Ife tinatsatira pa basi. Anafika kumathero atatsitsa kale nsalu ya pamzere, anyamata akupakira mipando. Giya ndi ena angapo anali akumudikira ndipo anamuombera m'manja. Koma pamene ankawerenga mayina a omaliza mpikisano, lake silinamveke.

Nkhani ya kachitsulo kake inakafikadi kumsonkhano wa pachaka. Ndinamva kuti a Ndime eni ake ndiwo anaiyambitsa. Akomiti anakambirana mpaka madzulo, n'kugwirizana kuti nkhani yotere ndi yoposa msinkhu wawo, aitumize kwa akuluakulu a pamwamba pawo. Akuluakuluwo anati aifufuza. Zaka zadutsa, mwana woyamba wa Sipoko anabadwa ndipo tsopano akuyenda, akuluakuluwo akufufuzabe. Sipoko anabwezera kachitsulo kake, ndipo amapalasa popita kuntchito ndi pobwera, Lamlungu n'kupita kutali ndi Giya. Koma pamzere sanaimenso. Anati kubera sangabere, ndipo mpikisano wapansi anauchita kamodzi, wakwana.

Chaka chatha a Ndime anapita kushopu kuja. Anamupeza Sipoko akupaka vanishi pa kabati, ndipo anaima pakhomo chipewa chili m'manja mpaka iye anamaliza mbali imene anayamba. Anati pa kona ya kumunsi ija pamafunika munthu woima ndi mbendera yofiira kuchenjeza opikisana kuti achepetse liwiro, ndipo anthu amakana chifukwa ndi padzuwa komanso patali. Anamupempha ngati angavomere. Anavomera.

Nditamva ndinapsa mtima kuposa tsiku la m'tenti lija. Ndinamuuza kuti anthu anakutsekera chitseko, lero akukupempha uwalondere pakhomo, iwe n'kuvomera? Ndinamufunsa ngati ndinalera munthu kapena chopondera. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatopa, kenako anati Giya amatsika pamenepo ngati wamisala, ndipo pali anyamata atsopano amene konayo saidziwa. Ndinakhala milungu ingapo osaponda kwawo. Mkazi mnzanga ndiye anabwera ndi mwana kudzanditenga, n'kunena kuti mwamuna wathuyu tinakwatiwa naye awiri, musandisiyire ndekha.

Mpikisano wa chaka chino ndinapita. Ndinakhala pamwala kumbuyo kwa Sipoko, ambulera ili pamutu. Anavala chovala chonyezimira cha oyang'anira, chachikulu kwambiri pathupi pake, mbendera ili kudzanja lamanja. Gulu litatulukira pamwamba anayamba kuikupiza, ndipo pofika pafupi ankaitana aliyense ndi dzina lake, uyu gwira buleki, uyo usalowe m'kati muli mchenga. Onse anakhota bwino. Giya podutsa anamukuwira kuti bwana mkubwa, tapatuka tidutse. Sipoko anaseka, koma maso ake anawatsatira mpaka anazimiririka, ndipo ndinaona chidendene chake chikunyamuka ndi kutsika paphula, iye osadziwa.

Tsache litadutsa, malole anayamba kuyenda. Anabwera kudzakhala pambali panga, ndinamupatsa madzi. Ndinamufunsa chimene ndinakhala ndikufuna kumufunsa chaka chonse.

“Amuna anga, zikukukwanirani zimenezi?”

Anamwa madziwo, anapukuta pakamwa.

“Ayi, agogo.”

Anakulunga mbendera pa ndodo yake, anaipanira m'khwapa, n'kundigwira pamkono kuti tiwoloke msewu tikadikire basi.